Ndani amadzutsa tambala? Wochi ya m'thupi ndi magetsi akubwerawa

Mwezi watha, kalasi ina ya akuluakulu mwa makalasi amene ndimayendera kuno ku Chipera inali pa mkangano. Nkhani yake inali ya nthawi. Kuyambira pamene kalasiyi inatsegulidwa, ophunzira amakumana masana, 2 koloko, atabwerako kumunda ndi kudya nsima. Ndiye caka cino apeza nyale ya sola yowala bwino ndithu, yoti munthu nkuwerenga nayo cilembo ciliconse pa bolodi. Abambo ena anati basi, kalasi isamukire usiku, 7 koloko, kuti masana aziona zina. Amayi ambiri anakana. Mayi wina wacikulire anandiuza mosapita m'mbali kuti, "Aphunzitsi, ine dzuwa likangolowa mutu wanga umafuna mphasa. Mungandiikire nyale khumi, zilembozo zizingovina." Mnyamata wina wa zaka za m'ma 20 anaseka, nati iye ndiye masana amangosinza, mutu umatseguka kukada.

Mphunzitsi wa kalasiyo anayang'ana ine kuti ndigamule. Sindinagamule tsiku limenelo, cifukwa onse awiri ankanena zoona, ndipo panalibe waulesi pakati pawo. Zimene ankakanganazo zili ndi akatswiri ake, anthu amene moyo wawo wonse amafufuza funso limodzi lomweli: n'ciyani cimauza thupi kuti ino ndi nthawi yogona, ino ndi yodzuka? Akatswiriwo ali ndi mabungwe awo, magazini awo ndi misonkhano yawo, ndipo zaka zapitazi ayamba kulowerera pa malamulo a maiko. Kafukufuku wawo wina anacitikira konkuno ku Mozambique.

Tiyambe ndi tambala, poti aliyense amamudziwa. Ambiri tinakula tikuganiza kuti tambala amalira cifukwa waona kuti kunja kukuyera. Koma amene anagonapo pafupi ndi khola la nkhuku akudziwa kuti tambala woyamba amalira kukadali mdima wa bii. Mu 2013 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Nagoya ku Japan, Tsuyoshi Shimmura ndi Takashi Yoshimura, anatsekera atambala m'cipinda cimene kuwala kwake kunali kocepa ndiponso kosasintha, usana ndi usiku cimodzimodzi. Atambalawo sanaone dzuwa ngakhale pang'ono, koma anapitiriza kuyamba kulira pa nthawi yake, pafupifupi maola 24 aliwonse. Comudzutsa tambala cili m'kati mwake. Zomera nazo n'cimodzimodzi. Pitani m'munda wa ntedza madzulo, kapena imani pansi pa mtengo wa bwemba, muona masamba atapindana. Kale mu 1729 Mfalansa wina, Jean-Jacques de Mairan, anaika comera camtundu wotere mumdima, ndipo masamba ake anapitiriza kutseguka masana ndi kutsekeka usiku.

Munthu naye ali nayo wochi yotereyi. Mkati mwa ubongo, pamwamba pa malo amene mitsempha ya maso awiri imapingasana, pali kagulu ka maselo pafupifupi 20,000, kocepa kuposa njere ya mpunga. Kaguluka ndiye kapitawo wa nthawi m'thupi lonse. Kukayamba kuda kamalamula kuti m'magazi mulowe mankhwala acilengedwe ochedwa melatonin, amene amauza ziwalo kuti usiku wafika. Kutentha kwa thupi kumatsika mpaka m'bandakuca, kenako nkuyambanso kukwera munthu asanatsegule n'komwe maso. Wochi imeneyi siyenda ndendende maola 24. Mwa anthu ambiri imatsalira ndi mphindi zingapo tsiku lililonse, ndiye imafunika kuikonza, ndipo woikonza wake ndi kuwala kolowa m'maso. Kuwala kwa m'mawa kumaikokera kutsogolo, munthu nkumagona msanga. Kuwala kwamphamvu kwa usiku kumaikankhira m'mbuyo, tulo nkumacedwa. Komanso mawochi a anthu safanana. Ya acinyamata imacedwa, ndipo kucedwako kumafika pacimake ca m'ma zaka 20. Munthu akamakula imabwereranso pang'onopang'ono. Mayi uja ndi mnyamata uja, aliyense ankanena za wochi yake.

Nzeru zimenezi sizinabwere ndi munthu mmodzi. Mu 1937 akatswiri ocepa anakumana ku Ronneby, tauni yaing'ono ya ku Sweden, nakhazikitsa bungwe la maiko osiyanasiyana lofufuza za kayendedwe ka nthawi m'zamoyo, limene lero likuchedwa International Society for Chronobiology. Mu 1960 kunacitika msonkhano waukulu ku Cold Spring Harbor, pafupi ndi New York, umene ambiri amati ndi pamene phunziroli linaima palokha. Kenako mu 1986 ku America kunabadwa Society for Research on Biological Rhythms, mwacidule SRBR, ndipo caka comweco magazini ya Journal of Biological Rhythms inayamba kutuluka. Ku Ulaya kuli European Biological Rhythms Society, ku Japan ndi ku India kulinso mabungwe awoawo. Maina ndi aatali ndipo ndi a Cingerezi, musavutike kuwaloweza.

Nchito ya bungwe lotere ikufanana ndi ya bwalo la amfumu. Munthu akati wapeza cinthu catsopano amacibweretsa pagulu, anzake nkumupanikiza ndi mafunso, ena nkubwereza kafukufuku yemweyo kwawo kuti aone ngati zituluke cimodzimodzi. Cimene capirira mafunso ndi cimene cimalowa m'mabuku. Anthu wamba ambiri anayamba kumva za iwo mu 2017, pamene mphoto ya Nobel ya zamankhwala inapita kwa Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, amene anaonetsa mmene wochiyi imayendera mkati mwa selo limodzi. Anagwiritsa nchito tinchenche tating'ono tija timaunjikana pa mango owola. Anapeza kuti selo limapanga puloteni inayake usiku. Ikaculuka imatseka yokha njira imene imapangidwira, masana nkuphwanyika, ndiye kupanga kumayambiranso. Kuzungulira kumodzi kumatenga tsiku lathunthu. Zomwezo zikucitika pompano m'ciwindi canu ndi m'khungu lanu.

Nkhani imene yawatangwanitsa kwambiri mabungwewa pamaso pa andale ndi ya maiko a ku Ulaya ndi America, kumene boma limasuntha wochi ndi ola limodzi kawiri pa caka, kutsogolo nyengo yotentha ikamayamba, m'mbuyo ikamatha. Portugal nayo imatero, n'cifukwa cake amene ali ndi abale ku Lisboa amaona kuti miyezi ina timasiyana nawo ola limodzi, miyezi ina maola awiri. Mu 2018 bungwe la European Union linafunsa anthu ake, ndipo mwa anthu 4.6 miliyoni amene anayankha, 84 pa 100 alionse anati kusunthaku kuthe. Nyumba ya malamulo ya bungweli inavomereza mu 2019. Akatswiri a SRBR ndi anzawo a ku Ulaya analemba kuti inde kuthe, koma wochi itsale pa nthawi yogwirizana ndi dzuwa, osati ya nyengo yotentha ija imene ingamadzutse anthu kukadali mdima miyezi yozizira. Mpaka lero maikowo sanagwirizane, mawochi akusunthabe.

Ife mkangano umenewo sutikhudza. Mozambique sasuntha wochi, ndipo ife a ku Marávia tili ndi mwayi wina: nthawi ya dziko lino amaiwerengera pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa, umene umadutsa pafupi ndi Zumbo. Ndiye kwathu kuno wochi ya pamkono ndi dzuwa zimayendera limodzi bwino, pamene ku Pemba dzuwa limafulumira ndi mphindi pafupifupi 40. Cathu cimene cikusintha ndi usiku weniweniwo. Mu 2018 boma linakhazikitsa pulogalamu ya Energia para Todos, colinga cake n'cakuti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi. Damu la Cahora Bassa, limene nyanja yake ili kumunsi kwathuku, limatha kupanga mamegawati 2,075, ndipo gawo lalikulu limapita ku South Africa pa mawaya aatali makilomita oposa 1,400. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi akhala akudikira gawo lawo kwa zaka zambiri, ndipo ine ndili nawo pamodzi, ndisaname. Koma ngakhale kumene mapolo sanafike, sola yafika kale, foni yafika, mpira wa pa kanema wafika. Mdima umene makolo athu ankaudziwa ukutha. Nanga tulo tathu tikhala bwanji?

Apa ndi pamene Milange imalowera. Akatswiri a ku yunivesite ya Surrey ku England, ya Cape Town, ndi ena a ku Brazil ndi America, pakati pawo Andrew Beale, Malcolm von Schantz ndi Laura Roden, anacita kafukufuku ku Zambézia, kumalire ndi Malawi, kufupi ndi phiri la Mulanje. Anasankha malo awiri oyandikana: tauni ya Milange, imene ili ndi magetsi, ndi mudzi wa Tengua, umene unalibe. Anthu amene anavomera anavala pamkono kacipangizo kooneka ngati wochi, kamene kamalemba nthawi imene munthu akugwedezeka, nthawi imene wakhala phee, ndi kuwala kumene kwamuzungulira. Zotsatira zinatuluka mu 2017 m'magazini ya Scientific Reports.

Cimene ambiri akanayembekezera cinali codziwika. Mu 2015 kafukufuku pakati pa anthu a mtundu wa Toba ku Argentina anaonetsa kuti okhala ndi magetsi amagona nthawi yocepa kuposa abale awo opanda magetsi, ndipo nkhani imene inafala inali yakuti magetsi amaba tulo. Ku Milange theka lokha la nkhaniyi ndi limene linatsimikizika. Anthu a m'tauni ankagona mocedwa ndi ola limodzi, ankaona kuwala kwambiri usiku ndi kocepa masana. Koma kutalika kwa tulo kunali cimodzimodzi: maola 7 ndi mphindi 17 ku Milange, maola 7 ndi mphindi 14 ku Tengua. Wa m'tauni amagona mocedwa nkudzukanso mocedwa, basi. Codabwitsa cinali cina. Tulo ta ku Tengua, kumudzi kopanda magetsi, ndi timene tinali toipa, todukizadukiza. Ndipo cimene cinayendera limodzi ndi tulo toipato cinali nchito yakalavulagaga ndi malo ogona osakhala bwino.

Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha, cifukwa mayi aliyense wa kuno akanatha kuwauza. Munthu walima kuyambira m'bandakuca, msana ukuwawa, wagona pa mphasa pansi, ana atatu m'cipinda comweco, wina akutsokomola, udzudzu ukulira kukhutu. Agona bwanji mpaka kuca osadzidzimuka? Komabe kuseka kwangako kunali kopanda cilungamo. Cimene tonse timacidziwa sicilowa m'mabuku a madokotala mpaka wina aciyeze ndi kucilemba. Anthu a m'mizinda ikuluikulu amakonda kuganiza kuti kumudzi kuli tulo tokoma ta makolo timene iwo anataya, ndipo Tengua inawaonetsa zina. Ngakhale zoti anthu opanda magetsi amagona dzuwa likangolowa si zoona. Mu 2015 ofufuza ena anayeza tulo ta anthu a mtundu wa Hadza ku Tanzania, San ku Namibia ndi Tsimane ku Bolivia, napeza kuti amagona patapita maola oposa 3 dzuwa litalowa, ndipo tulo tawo timakhala pafupifupi maola 6 mpaka 7. Ife amene tinakulira pa moto wa madzulo, kumvera nthano ndi kusewera pa mwezi, sitingadabwe.

Koma tisanasangalale kuti magetsi alibe vuto, pali mbali imene ndikufuna tiiganizire bwino. Munthu wa ku Milange sanataye tulo cifukwa m'mawa wake unasuntha limodzi ndi usiku wake. Wogulitsa m'sitolo kapena wa mu ofesi akagona mocedwa angathe kudzukanso mocedwerapo. Nanga mlimi wa ku Chipera? Mwezi wa Okutobala ndi Novembala, dzuwa la m'cigwa ca Zambezi silicita masewera. Amene sanalowe m'munda kusanace tsiku lamuthera, cifukwa ikamakwana 10 koloko khasu siligwirika. Mayi ayenera kukaima pa mjigo mzere usanatalike. Mwana wa sukulu ya m'mawa ali ndi mtunda woti ayende. M'mawa wa anthu amenewa sungasunthe. Ndiye nyale ikakankha usiku ndi ola limodzi, ola limenelo licokera pa tulo, palibenso kwina. Awa ndi maganizo anga, ocokera pa zimene ndimaona m'makalasi, koma akugwirizana ndi mmene wochi ya m'thupi imayendera. Amene adzamve kuwawa kwambiri ndi acinyamata, amene wochi yawo ndi yocedwa kale, foni ili m'manja mpaka pakati pa usiku, m'mawa atate akuwadzutsa ndi tambala waciwiri. Ku California anafika poika lamulo, limene linayamba kugwira nchito mu 2022, loti sukulu zambiri za sekondale zisayambe 8:30 isanakwane. Ife tikamuona mwana akusinza m'kalasi timathamangira kunena kuti ndi ulesi, mwinanso kacasu.

Pali cinanso cimene anzathu a ku Surrey sangacione kwawo: malungo. Udzudzu wa malungo nawo uli ndi wochi yake, umaluma usiku, ndipo neti imateteza munthu amene ali mkati mwake basi. Ola limodzi loonjezera pakhonde, kapena pabwalo poonera mpira, ndi ola limene miyendo ili pamtetete. Ngakhale tizirombo ta malungo timene tili m'magazi timasunga nthawi. Timaswa maselo a magazi pa nthawi imodzi, n'cifukwa cake malungo ena amabwera ndi kupita modumphitsa tsiku. Mu 2020 magulu awiri a ofufuza analemba m'magazini ya Science kuti tiziromboti tili ndi wochi yaketake, sitingotsatira ya munthu. Mmodzi wa iwo ndi Filipa Rijo-Ferreira wa ku Portugal, amene ankagwira nchito ku Texas. Iyeyu ndi anzake mu 2018 anaonetsanso, poyesa pa mbewa, kuti matenda a kaodzera, obwera ndi kashembe, amasokoneza wochi ya m'thupi, ndiye tulo timabwera pa nthawi yolakwika.

Ndiye pali anthu amene usiku ndiwo nthawi yawo ya nchito. Pa nyanja ya Cahora Bassa kapenta amagwidwa usiku: amayatsa nyale zamphamvu pamadzi, nsomba nkusonkhana, ukonde nkukwezedwa. Mwezi ukawala kwambiri nyale siikoka bwino, ndiye nchitoyi imatsatiranso mwezi. Ku migodi ya malasha ku Moatize anthu amasinthana usana ndi usiku. Onjezani anamwino, azamba, alonda, ndi madalaivala a magalimoto akuluakulu ocokera ku Beira kupita ku Malawi ndi Zambia. Nthambi yofufuza za khansa ya World Health Organization, imene ili ku Lyon ku France, inanena mu 2007, nkubwerezanso mu 2019, kuti n'kutheka ndithu kuti nchito ya usiku imathandizira kuyambitsa khansa. Sananene kuti zatsimikizika, ndipo umboni wambiri unacokera kwa ogwira nchito a ku Ulaya ndi America, makamaka anamwino. Cimene sicifuna kukayikira ndi ngozi. Munthu wosagona amalakwitsa, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi m'bandakuca, pamene thupi lazizira ndipo mutu walemera. Pa bwato kapena pa ciwongolero, kulakwitsa kumodzi n'kokwanira.

Ndikayang'ana zimene mabungwe a akatswiriwa amaika patsogolo, ndimaona mavuto a maiko ozizira ndi olemera: kusuntha wochi, kuwala kwa kompyuta, kusokonekera kwa tulo pambuyo pa ulendo wautali wa pandege. Sindikuwanena, munthu amakanda pamene pakumuyabwa. Koma malangizo ocokera kumeneko akafika kuno osasefedwa amamveka ngati nthabwala. Kuuza mayi wa ku Tengua kuti azigona m'cipinda cabata, cozizira bwino, pa matiresi abwino, n'kumuuza kuti asiye umphawi. Kafukufuku wa ku Milange ndi wamtengo wapatali cifukwa anayeza anthu athu, ndipo yankho linatuluka losiyana ndi la ku Argentina. Ngati zili conco, ndiye kuti la ku Marávia nalo lingasiyane ndi la ku Milange. Dziko lino lili ndi malo ofufuzira za umoyo, monga la ku Manhiça limene lakhala likulimbana ndi malungo kuyambira 1996, ndipo mumzinda wa Tete muli nthambi ya zaumoyo ya Universidade Zambeze. Nthawi yoyeza tulo ta mudzi ndi ino, mapolo asanadzalidwe, kuti podzafika 2030 padzakhale coyerekezera. Babu ikangoyaka m'mudzi, usiku wakalewo palibe amene angauyezenso.

Za kalasi ija, tinagwirizana motere. Nyengo ya kulima ikhalabe masana, koma 3 koloko, dzuwa litapepuka pang'ono. Anyamata ndi abambo amene akufuna usiku azikumana Laciwiri ndi Lacinayi, ndipo ikakwana 8 koloko nyale izizima, aliyense kwawo mu neti. Ndinawapatsanso nchito yolemba imene sinali m'buku lathu: kwa milungu iwiri, aliyense alembe kumapeto kwa kope lake nthawi imene wagona, nthawi imene wadzuka, ndi cimene camudzutsa pakati pa usiku. Kwa munthu amene wangophunzira kumene manambala, kulemba 9:30 ndi phunziro pakokha. Dzana ndinaona makopewo. Mnyamata uja masiku ambiri walemba 11 koloko ndi 5 koloko, ndipo atawerengera yekha ndi zala kuti ndi maola 6, anakhala kaye cete. Mayi wacikulire uja alibe wochi kapena foni, ndiye m'danga la nthawi yodzuka walemba ndi dzanja lake, masiku onse 14, kuti "tambala waciwiri". M'danga la comudzutsa usiku walemba "msana" maulendo 7, "mdzukulu" maulendo 4, ndi "fisi" kamodzi.